Mabuleki saduka mwadzidzidzi, amayamba apsa

Ngozi ikachitika pamtsetse, mawu omwe amafulumira kutuluka pakamwa pa dalaivala ndi akuti "mabuleki anaduka". Chodabwitsa n'chakuti nthawi zina galimoto yomweyo akaiyesa pakatha ola limodzi kapena awiri, mabuleki aja amapezeka akugwira. Apa ena amayamba kuganizira zamasalamusi pomwe ena amati dalaivalayo akungophimba mlandu.

Kawirikawiri sipakhala chomwe chaduka. Mabuleki amakhala atenthedwa mopyola muyezo, ndipo akazizira mphamvu zawo zimabwerera. Pachingerezi vutoli amati brake fade.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri oyendetsa galimoto zolowera ku Nkhotakota kaamba ka momwe bomali linakhalira. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pomwe pamalekezera madzi a nyanja ya mchere, pomwe Kasungu ndi Lilongwe ali pa mamita opitirira 1,000. Choncho wochokera ku Kasungu pamsewu wa M18, womwe umadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, amatsika mamita oposa 500 asanafike paboma. Naye wochokera ku Lilongwe amakumana ndi mitsetse ya msewu wa M14 asanafike ku Salima n'kukhotera mumsewu wa M5.

Ntchito ya mabuleki ndi kusandutsa liwiro kukhala moto. Mukaponda, mafuta a mabuleki amakankha mapadi kuti afinye disiki yomwe imazungulira limodzi ndi tayala, ndipo kukhulana kumeneko kumatulutsa kutentha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,600 ikatsika mamita 500 imamasula mphamvu yokwana kuwiritsa madzi odzadza chigubu cha malita 20. Gawo lina la mphamvuyi limathera mumphepo ndi m'matayala, koma ngati dalaivala sakugwiritsa ntchito giya, yotsalayo imathera pa tizitsulo tinayi ta kumatayala, makamaka tiwiri takutsogolo.

Mabuleki amafooka m'njira ziwiri ndipo phazi la dalaivala limatha kusiyanitsa. Yoyamba ndi ya mapadi. Akatentha kwambiri, zomatira zomwe anapangira mapadiwo zimayamba kupsa ndipo padi imangoterereka padisiki. Chopondera chimakhala cholimba monga mwa masiku onse koma galimoto siima, ndipo pamamveka fungo la chinthu chopserera.

Njira yachiwiri ndi ya mafuta a mabuleki. Mafutawa akawira mumakhala thovu, ndipo thovulo limafinyika osakankha kanthu. Chopondera chimafewa mpaka kukagunda pansi.

Apa ndi pomwe pali chinsinsi chomwe eni galimoto ambiri sachilabadira. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyontho cha mumpweya. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, koma akayamwa madzi muyezowu umatsika kufika pa 140. A DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsikira pa 155. N'chifukwa chake makampani ambiri opanga galimoto amalangiza kusintha mafutawa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Kudera lotentha ndi lachinyezi ngati m'mbali mwa nyanja, langizoli si lonyozera. Ndipo yemwe amathira madzi a sopo mafuta akamuthera panjira akumbukire kuti madzi amawira pa madigiri 100 basi.

Galimoto zing'onozing'ono ndizo zili pachiopsezo chachikulu. Zambiri zomwe zimachita matola pakati pa Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa, monga Toyota Sienta ndi Honda Freed, zinabwera zakalekale kuchokera ku Japan komwe zinapangidwira kunyamula banja. Sienta ndi ya anthu osapitirira asanu ndi awiri. Ikasenza anthu khumi, matumba a mpunga ndi madengu a usipa, mabuleki ake sakula nawo ayi. Kilogalamu iliyonse yoonjezera ndi moto woonjezera pamapadi.

Ngakhale msewu wa M5 uli wa pachidikha, nawo umadya mabuleki. Dalaivala wothamangira makasitomala amaponda moto kenako buleki pa sitolo iliyonse, pamaenje, pa akabaza, mbuzi ndi ogulitsa nsomba pamlatho wa Chia. Mu October ndi November mapadi sapeza mpata wozizira.

Gulu lina ndi la achinyamata okonda tigalimoto taliwiro ngati Volkswagen Golf GTI, Subaru Impreza ndi Toyota Altezza, omwe amatsikira kunyanja kumathero a sabata. Ambiri ndalama zawo zimathera pa malimu onyezimira, zokuzira mawu ndi ekizozi yaphokoso. Ena amapaka penti yofiira pa zofinyira mapadi kuti galimoto ioneke yampikisano. Penti siimitsa galimoto, ndipo malimu akuluakulu olemera amangoonjezera ntchito kumabuleki.

Ampikisano enieni anaphunzira kalekale kuti liwiro limadalira mabuleki. M'chaka cha 1953 galimoto ya Jaguar inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France itavala mabuleki a disiki, pomwe zinzake zambiri zinali ndi a dilamu omwe amasunga kutentha. Mpaka lero galimoto zambiri zing'onozing'ono zili ndi disiki kutsogolo ndi dilamu kumbuyo.

Wofuna kulimbitsa mabuleki ayambe ndi zotsika mtengo. Choyamba, akhetse mafuta akale onse n'kuthira atsopano a m'botolo losatsegula, a mtundu womwe walembedwa pachivindikiro. Ambiri a DOT 3 angalowedwe m'malo ndi DOT 4, koma DOT 5 ndi wamtundu wina ndipo sasakanizidwa ndi enawa. Chachiwiri, agule mapadi a kampani yodziwika, osati opanda dzina omwe amanyenyeka akangotentha. Chachitatu, makaniko aone ngati madisiki sanapyapyale, mapaipi sakudontha komanso zofinyira sizikukakamira. Matayala osatha mapanga nawo ndi mbali ya mabuleki. Madisiki akuluakulu odula aja abwere pambuyo pa zonsezi.

Komabe mankhwala aakulu ali m'dzanja la dalaivala. Mtsetse umatsikidwa ndi giya yomwe mukanakwerera chitunda chomwecho. Pa galimoto ya otomatiki pali zilembo ngati L, 2, S kapena B, zomwe ambiri sanazikhudzepo chigulireni galimoto. Injini ikamalira, ndiye kuti ikugwira ntchito yomwe ikanapsereza mapadi. Buleki pondani mwamphamvu kwa kanthawi n'kusiya kuti ipume, osati kugonekapo phazi mtsetse wonse.

Kuchotsa giya pamtsetse pofuna kupulumutsa petulo n'kudzinyenga. Galimoto zambiri zamakono zimadula zokha mafuta opita ku injini zikamatsika zili m'giya phazi litachoka pamoto.

Mabuleki akayamba kufooka, tsitsani magiya imodziimodzi, popani chopondera, kokani handibuleki pang'onopang'ono ndipo imani pambali. Musathire madzi padisiki yotentha chifukwa imapindika kapena kung'aluka. Ikazizira musanyengedwe poona kuti yayambanso kugwira. Pitani nayo kwa makaniko.

Naye wokwera ali ndi mbali yake. Mukamva fungo lopserera galimoto ili pamtsetse, lankhulani kuti dalaivala aime. Paja mwana wosalira amafera pamsana, ndipo kuchedwa ndi theka la ola kuli bwino kusiyana ndi kukafika pachipatala cha Nkhotakota muli pamachira.