Akana patent ya amakanika, koma mpata wa apilu ulipo

Nyuzipepala imene mwagwila mu minibasi m'mawa uno inayamba ngati mpukutu waukulu wa pepala, wothamanga pa makina osindikiza. Pepala likakokedwa kwambili limaduka, makina n'kuima. Likakhala lolefuka limacita makwinya, ndipo mitundu ya inki imasemphana. Cimene cimavuta n'cakuti mpukutu umacepa pamene ukutha, motelo buleki yake ifunika kumasuka pang'onopang'ono.

Sabata yatha ndinaceza ndi amakanika ena amene akhala akukonza makina otele kwa zaka zambili muno mu Lusaka. Anapanga kacipangizo kamene kamayeza kukoka kwa pepala n'kusintha buleki kokha. Anapempha patent, koma kalata inabwela yowakana.

"Mwana wanga, akuti palibe cacilendo," anandiuza. "Akuti makina akunja ali kale na dancer roller na load cell. Manje ine ndalama zonse zija zapita cabe?"

Lamulo la Patents Act la 2016 lifuna zinthu zitatu: cinthuco cikhale catsopano, cisakhale cimene katswili aliyense angaganize mosavuta, ndipo cigwile nchito m'mafakitale. Amdala awa anagwa pa caciwili.

Kalata yotele si mapeto a nkhani. Wopima amachula ma patent akale amene wayelekezela nawo. Wopempha afunika kuwawelenga bwino, kenako kulembanso ma claims, ndiko kuti mau ochula mbali imene afuna kuti itetezedwe. M'malo monena kuti kuyeza kukoka kwa pepala ndi nzelu yawo, achule cokhaco cimene kacipangizo kawo kamacita mosiyana ndi akale. Tsiku lomaliza kuyankha likapita, pempho likhoza kufa.

Kuno ma patent amalembetsedwa ku PACRA. Kulinso ARIPO, imene inabadwa ndi pangano la ku Lusaka mu 1976 ndipo ili ku Harare. Wokanidwa kumeneko angacite apilu ku Board of Appeal. Patent ikapatsidwa imateteza zaka 20. Pa zokonza zing'onozing'ono palinso njila ya utility model.

Kwa inu a ku Kalingalinga ndi ku Garden amene mumapanga zinthu na manja anu: musathamangile kuonetsa pa Facebook musanalembetse. Cimene anthu aciona kale cimavuta kucicha catsopano.