Nyumba Zathu: Chitseko Chikakana Kuloŵa

M'chigawo chapitachi tidakambirana za kusunga ndalama zokonzera nyumba. Lero tiyeni tione m'mene ndalama zomwezo, zosungidwa movutikira kwa miyezi yambiri, zimatayikira chifukwa cha kampata kosaposa chala cha munthu.

Munthu woyenda m'Ndirande, m'Bangwe, m'Chilomoni, m'Zingwangwa kapena m'Machinjiri tsiku Loŵeruka sangalephere kuona milu ya mchenga ndi njerwa pakhomo pa anthu. Ambiri mwa eni milu imeneyi ali ndi nyumba kale. Ena akuonjezera chipinda chifukwa ana akula, ena akusintha malata odontha, ndipo ena adayamba ntchitoyi pokonza makoma amene adagwa ndi mvula ya namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023. Ntchito yotere njovuta koposa kumanga poyera, pakuti womanga chatsopano amadzisankhira yekha miyezo, pamene wokonza chakale ayenera kumvera makoma amene wapezapo.

Apa ndi pamene pamabuka mikangano. Feremu yafika kuchokera kwa wootcherera, koma ikukana kuloŵa pakhoma. Mwini nyumba akuti, "Kodi amisiri, mudayeza bwanji?" Mmisiri naye akuti, "Bambo, ine ndidakuuzani bwinobwino, inu mwagula zanu." Kaŵirikaŵiri palibe wabodza pakati pa aŵiriŵa. Chavuta n'chakuti m'nyumba zathu mumakumana miyezo ya mitundu itatu, ndipo siimvana.

Mtundu woyamba ndi wa mafiti ndi mainchesi, umene adatisiyira Angerezi. Nyumba zoyamba za bungwe la Malawi Housing Corporation, limene lidayamba ntchito m'chaka cha 1964, zidamangidwa nthaŵi imene amisiri onse ankayeza m'mafiti, ndipo katundu wambiri wa m'masitolo akali kutchulidwa motero. Malata timagula a mafiti 8, 10 kapena 12. Matabwa timati thu bai fo. Mapaipi timati a theka la inchi. Mtundu wachiŵiri ndi wa mamita ndi masentimita, umene ife aphunzitsi timaphunzitsa ana m'kalasi. Tepi yoyezera imanyamula mitundu iŵiri yonseyi, wina m'mphepete iyi, wina m'mphepete inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndipo fiti imodzi ndi masentimita 30.48. Tsono munthu akatumiza uthenga pa foni wakuti "zenera likhale 60" osatchula kuti 60 chiyani, wolandirayo angathe kupanga zenera la masentimita 60 kapena la mainchesi 60, limene ndi lopitirira mita imodzi ndi theka.

Mtundu wachitatu sulembedwa pa tepi iliyonse: ndiwo diso, phazi ndi chingwe cha mmisiri amene adamanga nyumbayo kalekale. Nyumba zambiri za m'mapuloti zidamangidwa ndi eni ake pang'onopang'ono, chipinda chimodzi chaka chino, china zaka zitatu zitapita, mmisiri wake winanso. Kuonjezera apo, malo athu ambiri ali m'matsitso a mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe, kumene nthaka njopendekeka ndipo madzi a mvula amakokolola dothi m'mbali mwa maziko. Motero khoma looneka loongoka lingathe kukhala litatsamira pang'ono, ndipo chipinda chooneka cholingana mbali zonse chingathe kukhala chachikulu kumutu, chaching'ono kumiyendo. Sitolo siidziŵa zimenezi. Iyo imagulitsa katundu wolingana ndendende.

Tiyambe ndi chitseko. Chitseko chofala m'masitolo n'cha mafiti 2 ndi mainchesi 8 m'mimba, ndi mafiti 6 ndi mainchesi 8 m'litali, kapena kuti mamilimita 813 ndi 2,032. Munthu wozoloŵera mamita amangoti, "Masentimita 80 ndi mamita aŵiri," n'kukauza wootcherera wa pamsika wa Ndirande kuti apange feremu yotero. Feremuyo idzachepa ndi mamilimita 13 m'mimba ndi 32 m'litali. Kalipentala adzayesa kupala chitsekocho, koma zitseko zambiri zotsika mtengo n'zamphako m'kati, zolimba m'mphepete mokha, kotero kuti kuzidula kwambiri ndiko kuzipha. Vuto lomweli limabwera munthu akaika matailosi pamwamba pa simenti yakale: pansi pamakwera, chitseko n'kuyamba kukhula. Choopsa kwenikweni ndi pamene mmisiri asankha kugumula pamwamba pa khomo kuti feremu iloŵe, pakuti mtanda wa konkire umene uli pamenepo ndiwo umasenza njerwa ndi denga. Mtanda umenewo usasemedwe, zivute zitani.

Malata nawo amanyenga ambiri. Tiyerekeze kuti bambo wina wa ku Bangwe akuonjezera chipinda cha mamita 3 m'mimba kuseri kwa nyumba yake. Iye aŵerengera kuti lata la mafiti 10 ndi mamita 3 ndi masentimita pafupifupi 5, nagula khumi, mtima uli m'malo. Koma waiŵala zinthu zitatu. Khoma lili ndi kunenepa kwake, kumene kumapitirira masentimita 20. Denga ndi lotsetsereka, ndipo njira yotsetsereka njotalika koposa yapansi. Komanso lata liyenera kutulukira kunja kuti madzi agwe kutali ndi khoma, makamaka ngati njerwa zake n'zosaotcha kapena zomangira matope. Zonsezi zikaphatikizidwa, bamboyu afunika malata a mafiti 12, amene ndi mamita 3.66. M'mimba namonso malata amasanjikizana, choncho poŵerenga kuchuluka kwake tifunse wogulitsa malo amene lata limodzi limaphimba likakhomedwa, chifukwa mitundu ya malata imasiyana. Tikumbukirenso kuti pa geji, nambala yaikulu ndiyo lata lopyapyala: la geji 32 n'lopyapyala koposa la geji 28.

Nanga njerwa? Aliyense woumba ali ndi chikombole chake, ndipo dothi limafota pouma ndi pootchedwa, lina kwambiri, lina pang'ono. Ngati njerwa zatsopano zili zopyapyala ndi theka la sentimita chabe poyerekeza ndi zakale, pofika mzere wa 30 khoma latsopano lidzakhala litatsalira ndi masentimita 15. Mmisiri amabisa kusiyanaku ponenepetsa matope a simenti pakati pa mizere, ndipo matumba amene mudaŵerengera amatha ntchito ili pakati. Mankhwala ake ngapafupi: zulani njerwa imodzi yakale, mupite nayo kuuvuni pokagula. M'chaka cha 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo mabuloko a simenti afala ngakhale m'makomo mwa anthu wamba. Buloko njaitali pafupifupi masentimita 20, choncho mizere yake siikumana ndi mizere ya njerwa. Polumikiza makoma aŵiri otere pamafunika waya womangirira, apo ayi mng'alu udzaoneka pamalumikiziro pomwepo.

Galasi ndilo losakhululuka konse, pakuti silipalidwa. Poyeza malo ake, yezani pamwamba, pakati ndi pansi, mutenge muyezo wochepa pa itatuyo, ndi kuchotsapo mamilimita 3 kuti liloŵe momasuka. Matailosi amafuna kuŵerengera kwina. Chipinda cha mamita 3 ndi 4 chimadya matailosi 75 a masentimita 40 mbali zonse, koma wanzeru amagula 83 kapena kuposerapo, chifukwa ena amasweka podula, ndipo ogula pambuyo pake nthaŵi zambiri amakhala osiyana maonekedwe ndi oyamba aja.

Zida zodziŵira choona cha nyumba yakale sizifuna ndalama zambiri. Mwana wa sekondale aliyense adamvapo za lamulo la Pythagoras, ndipo amisiri akale ankaligwiritsa ntchito ngakhale sadalidziŵe dzina. Kuchokera pangodya, yezani masentimita 60 pakhoma limodzi ndi 80 pakhoma linalo. Ngati pakati pa zizindikiro ziŵirizo pali masentimita 100, ngodyayo njoona. Yezaninso chipinda chopingasa, kuchokera pangodya iyi kufika payo, kenaka ngodya ziŵiri zotsalazo. Miyezo iŵiriyo iyenera kufanana. Chingwe chomangirira kamwala chidzakuuzani ngati khoma latsamira. Kapaipi koonekera m'kati kothiramo madzi kadzakusonyezani kukwera ndi kutsika kwa pansi, pakuti madzi a kunsonga ziŵirizo amaima molingana nthaŵi zonse.

Pali phunziro lina limene lili pafupi ndi ife tomwe. Tchalitchi cha St Michael and All Angels pa Mishoni ya Blantyre chidamangidwa kuyambira chaka cha 1888 kufikira 1891, motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, amene sadaphunzire ntchito yojambula mapulani, pamodzi ndi anthu a konkuno amene adaumba ndi kuotcha njerwa pamalo pomwepo. Iwo ankayamba asanja njerwa zouma, zopanda matope, kuti aone ngati zikulingana, ndipo ankamanga pokhapokha zitawakhutiritsa. Tchalitchicho chikali chiimire patapita zaka zoposa 130. Wokonza nyumba ku Chilomoni angathe kuchita chimodzimodzi: kuyala mzere wa matailosi asanasakanize simenti, kuimika feremu ndi chitseko chake asanamange, kukweza lata limodzi padenga asanagule onse. Chinthu chimene sichisinthika msinkhu chifike poyamba, ndipo khoma latsopano limangidwe motsata icho.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Mwini nyumba ndi mmisiri ayezere limodzi, wina atagwira tepi, wina akulemba m'kope, ndipo nambala iliyonse ilembedwe ndi dzina lake, kaya ndi mainchesi kaya masentimita. Pepala lomwelo lipite kwa wootcherera, kwa wodula galasi ndi kusitolo, ndipo wogula afunsiretu ngati katundu wosadulidwa angabwezedwe. Mmisiri wabwino sakwiya poona mwini nyumba akuyezanso. Amadziŵa kuti kopelo lidzamuikira umboni iyenso tsiku la mlandu. Theka la ola loyeza m'maŵa silifanana mtengo ndi malata khumi operewera, amene malipiro a mwezi wathunthu mwina sangaŵabwezere, mvula yoyamba ya mu Novembala ili pafupi ndipo ana akugona m'chipinda chopanda denga. Paja madzi akatayika saoleka.

M'chigawo chikudzachi tidzakamba za pangano la malipiro pakati pa mwini nyumba ndi mmisiri wake.