Kuphunzitsa ana a autism kucheza ndi anzawo m'magulu

Maphunziro a kachezedwe a m'gulu ndi njira yothandizira ana ndi achinyamata a autism kupeza anzawo ndi kukhala nawo bwino. Ana ochepa a msinkhu wofanana amakumana kamodzi pa sabata kwa ola limodzi kapena ola ndi theka, motsogoleredwa ndi mphunzitsi kapena katswiri wa zamaganizo pamodzi ndi womuthandiza. Nthawi zambiri maphunzirowa amatenga miyezi itatu kapena kupitirirapo.

Autism ndi kakulidwe kosiyana ka ubongo kamene kamayamba kuonekera mwana ali wamng'ono. Dokotala Leo Kanner wa pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, m'dziko la America, anaifotokoza mu 1943 atapima ana 11, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali nayo. Sibwera chifukwa cha ufiti, kaleredwe kapena katemera. Ana a autism amasiyana kwambiri: ena salankhula, pamene ena amalankhula bwinobwino ndipo amakhoza m'kalasi. Chimene chimavuta ambiri ndi malamulo a macheza amene salembedwa paliponse. Ana amene alibe autism amangotolera okha posewera kuti nkhope ya tsinya imatanthauza chiyani, kuti mnzako akayamba kuyang'ana kumbali ndiye kuti nkhani yamukwana, kapena kuti mawu ena ndi nthabwala chabe. Mwana wa autism akhoza kufunitsitsa anzake koma osaziona zizindikiro zimenezi, mapeto ake n'kumasalidwa kapena kusekedwa.

Ntchito ya maphunzirowa ndi kutenga malamulo obisikawo n'kuwagawa m'masitepe omveka. Amachitikira m'gulu chifukwa luso la kucheza limafuna anthu ocheza nawo. Mwana akakhala ndi katswiri awiriwiri, wamkuluyo amamulezera mtima ndi kumudikira, zimene anzake a kusukulu sachita. M'gulu amakumana ndi ana enieni okhala ndi zokonda zawozawo, koma pamalo pamene akalakwitsa palibe womuseka.

Imodzi mwa ndondomeko zodziwika kwambiri ndi PEERS, imene Elizabeth Laugeson anayambitsa pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, ndipo achinyamata amaiphunzira kwa masabata 14 mpaka 16. Tsiku lililonse lokumana limayamba ndi kuunika ntchito imene anapatsidwa kukachita kunyumba. Kenako atsogoleri amaphunzitsa mutu watsopano n'kuchita kasewero, koyamba kosonyeza njira yolakwika, kachiwiri kosonyeza yoyenera, ndipo amafunsa anawo mmene munthu winayo akanamvera. Zikatero anawo amayeserera okha, akuwongoleredwa pomwepo.

Kulowa m'macheza a anthu amene ayamba kale kukambirana ndi chitsanzo chabwino. Akuluakulu amakonda kulangiza mwana kuti angopita n'kukanena dzina lake, koma ana sachita choncho, ndipo wochita zimenezo amaoneka wachilendo. PEERS imaphunzitsa zimene achinyamata okondedwa ndi anzawo amachitadi: kuima chapatali pang'ono n'kumvetsera, kudziwa mutu wa nkhaniyo, kudikira kuti olankhulawo apumire, kusendera pafupi, kenako n'kuponyapo mawu ogwirizana ndi nkhaniyo. Amaphunziranso kuzindikira ngati alandiridwa, ndi kuchokapo mwaulemu ngati sanalandiridwe. Pa nkhani ya kunyozedwa, amazolowera kuyankha mwachidule mosonyeza kuti mawuwo sanawakhudze, popeza wonyoza amafuna kuona mnzake akulira kapena kukwiya. Mitu ina ndi monga kusinthana mawu polankhula, kutumizirana mauthenga pafoni, kuitanira anzako kunyumba, kuvomereza ukagonja pamasewera ndi kuthetsa mikangano.

Makolo nawonso amakhala ndi gulu lawo m'chipinda china nthawi yomweyo. Amaphunzira kukumbutsa mwana masitepewo kunyumba ndi kumupezera malo okumana ndi ana okonda zimene iye amakonda, monga kwaya, mpira kapena kalabu ya kompyuta, chifukwa ubwenzi umamera msanga pakati pa anthu okonda chinthu chimodzi.

Ana aang'ono amaphunzira bwino kudzera m'masewera. Katswiri wina wa ku America, Daniel LeGoff, anafalitsa mu 2004 njira yogwiritsa ntchito tizidutswa tomangira ta Lego. Ana atatu amagawana ntchito: wina amaona chithunzi n'kumafotokoza, wina amafufuza tizidutswa tofunika, wachitatu ndiye amamanga. Palibe amene angamalize yekha, choncho amafunika kufunsana, kumvetserana ndi kudikirana.

Kafukufuku amasonyeza kuti maphunzirowa amathandiza, koma pamlingo wake. Mu 2012 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 5 wokhudza ana ndi achinyamata 196, ndipo linapeza kuti luso lawo la kucheza komanso ubwenzi wawo zinapita patsogolo ndithu, ngakhale kuti umboni unali wochepa. Mu 2017 ofufuza a ku Karolinska Institutet ku Sweden anayesa ndondomeko ya KONTAKT, yochokera ku Germany, pa ana pafupifupi 300 kwa masabata 12, ndipo kusintha kunaoneka makamaka mwa achinyamata okulirapo komanso atsikana. Vuto limene limabwerezabwereza n'lakuti mwana akhoza kudziwa malamulo onse m'chipinda chophunziriramo koma osawagwiritsa ntchito pabwalo la sukulu. N'chifukwa chake ntchito ya kunyumba ndi kutengapo mbali kwa makolo ndi aphunzitsi zili zofunika. Komanso kafukufuku wambiri anachitika pa ana olankhula bwino. Ana osalankhula amafuna thandizo la mtundu wina, monga kulumikizana pogwiritsa ntchito zithunzi.

Anthu akuluakulu a autism amachenjeza za mbali ina. Mu 2012 Damian Milton, katswiri wa ku Britain yemwenso ali ndi autism, anafotokoza kuti kusamvana kumachokera mbali zonse ziwiri, pakuti anthu ena nawonso amalephera kumvetsa munthu wa autism. Mwana akamakakamizidwa kubisa chibadwa chake tsiku lonse, monga kuletsedwa kugwedeza manja kumene kumamukhazika mtima pansi, amatopa ndipo akhoza kudwala nkhawa. Motero magulu abwino amalandira ana amene akufuna okha kuphunzira, amawalola kusankha zolinga zawo, ndipo amaphunzitsanso anzawo a m'kalasi mmene angachezere nawo.

Malamulo a macheza amasiyananso malinga ndi chikhalidwe, ndipo ndondomeko ya PEERS itafika ku South Korea inakonzedwanso kuti igwirizane ndi moyo wa kumeneko. Mabuku ambiri a ku America amalimbikitsa mwana kuyang'ana munthu m'maso, pamene m'Malawi mwana wozyolika maso pansi polankhula ndi agogo ake amayamikiridwa kuti ndi waulemu. Gulu la kuno lingafunike kuphunzitsa kupereka moni, kulandira chinthu ndi manja awiri, kuodira pakhomo, ndi kudziwa woyenera kumutchula kuti "inu". Phada ndi bawo zimaphunzitsa kudikirana ngati mmene Lego imachitira.

Kumene akatswiri ali ochepa, WHO inakonza maphunziro a olera ana a zaka 2 mpaka 9, okhala ndi misonkhano 9 ya m'gulu ndi maulendo 3 oyendera banja pakhomo, ndipo anayesedwapo ku Ethiopia ndi ku Kenya. Anawakonza kuti azitha kuperekedwa ndi anthu amene si akatswiri, bola aphunzitsidwe ndi kuyang'aniridwa, ndipo makolo amaphunzira kugwiritsa ntchito masewera ndi ntchito za pakhomo za tsiku ndi tsiku pothandiza mwana kulumikizana ndi anthu.