KUSAMALA MANJA PA NYENGO YA CHISANU

Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti dziko la Malawi limakhala m'nyengo yozizira, ndipo miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo imaposa yonse. Ku Nsipe, m'boma la Ntcheu, mpweya wozizira umatsika usiku kuchokera kumapiri n'kukhazikika m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, momwe muli madimba ambiri. Kumtunda, monga ku Tsangano ndi ku Lizulu, kumazizira koposa, pakuti malo akakwera mamita 1,000 kutentha kwa mpweya kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Masiku ena kumabwera chiperoni, mphepo ya nkhungu ndi mvula yowaza imene inatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique.

Komabe ntchito siima chifukwa cha chisanu. Iyi ndiyo nyengo imene alimi amathirira mbewu za kudimba, amayi amalawirira ku mjigo, anyamata amaumba njerwa kapena kutulutsa ng'ombe m'khola, akabaza amapalasa njinga kusanache, ndipo ogulitsa ndiwo m'mbali mwa msewu wa M1 amayala malonda awo dzuwa lisanatuluke. Onsewa amadalira manja, ndipo manja ndiwo amayamba kumva kuzizira.

Ambiri amati kuzizira kwa manja n'chinthu chozolowereka, sikupha munthu. N'zoona kuti chisanu cha kuno sichifika poumitsa zala mpaka kuwola monga zimachitikira kumaiko ozizira kwambiri. Koma ngozi ilipo ndithu, ndipo ili pawiri. Dzanja lochita dzanzi siligwira bwino chikwanje kapena mpeni, ndiponso silimva msanga kuti moto ukuliotcha.

CHIFUKWA CHAKE MANJA AMAZIZIRA MSANGA

Thupi la munthu limasunga kutentha kwa madigiri 37 m'kati mwake kuti mtima, mapapo ndi ubongo zigwire bwino ntchito. Kutenthaku kumachokera m'chakudya ndi m'kugwira ntchito kwa minofu, ndipo magazi ndiwo amakufikitsa m'ziwalo zonse, monga momwe ngalande imaperekera madzi m'mabedi a kudimba. Thupi likamva kuzizira limafinya timitsempha ta magazi ta m'zala za m'manja ndi za kumapazi, kuti magazi ofunda atsale m'chifuwa ndi m'mimba. Limalolera kuti zala zizizire pofuna kuteteza mtima.

Phunziro lalikulu lili pamenepa: kufunda kwa manja kumayambira m'chifuwa. Munthu amene wavala kamalaya kamodzi kopyapyala, mutu uli pamtunda, m'mimba mulibe kanthu, manja ake adzazizira ngakhale atawakulunga motani. Koma amene wafunditsa chifuwa ndi mutu, thupi lake limatumiza magazi ofunda mpaka kunsonga za zala.

Khungu la zala likazizira kufika pa madigiri 15 kapena kutsika apo, zala zimayamba kulimba. Kumanga mfundo kapena kutseka batani la malaya kumavuta. Imeneyi ndiyo nthawi imene chikwanje chimapulumuka m'manja, kapena mpeni wodulira kabichi umacheka chala mwini wake osamva.

Pali zinthu zitatu zimene zimafulumizitsa kuzizira kwa manja. Choyamba ndi madzi, amene amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Chachiwiri ndi mphepo, imene imauluza kampweya kofunda kamene kamakhala pamwamba pa khungu. Chachitatu ndi chitsulo, monga chogwirira cha mjigo, cha ndowa kapena cha njinga, chimene chimayamwa kutentha kwa dzanja msanga kuposa mtengo.

KUKONZEKERA MUNTHU ASANATULUKE M'NYUMBA

Munthu wopita ku ntchito ya panja m'mamawa ayambe wadya. Phala lotentha, mbatata kapena chinangwa chophika ndi tiyi zimapatsa thupi nkhuni zosonkhezera moto wake. Ana opita kubusa kapena kusukulu asatuluke ndi njala, chifukwa matupi awo aang'ono amataya kutentha msanga kuposa a akuluakulu.

Malaya awiri kapena atatu opyapyala amafunditsa kuposa chovala chimodzi chokhuthala, pakuti mpweya wotsekeredwa pakati pa zovalazo umasunga kutentha. Ubwino wina ngwakuti dzuwa likakwera munthu angathe kuvula chimodzi, kuti thukuta lisanyowetse zovala. Chipewa, duku kapena mpango wa m'khosi n'zofunika chimodzimodzi. Mikono ya juzi ifike mpaka polumikizana dzanja ndi mkono, popeza mitsempha yopita m'zala imadutsa pamenepo pafupi ndi khungu.

Nyengo yozizira ndi nyengonso youma, choncho khungu limatuwa ndi kung'aluka. Ming'aluyo ndi makomo olowera tizilombo ta matenda tochokera m'dothi ndi m'manyowa. Kudzola mafuta okhuthala monga Vaseline kapena giliserini m'mamawa ndi madzulo, makamaka atangosamba m'manja, kumateteza khungu kuti lisang'aluke.

Amene angathe agule magolovesi, amene amapezeka ngakhale pa kaunjika. Akhale omasuka, chifukwa othina amatsekereza magazi ndipo zala zimazizira koposa. Amene alibe magolovesi angathe kuvala masokosi akale ochapa bwino poyenda ulendo wopita ku ntchito kapena polondera usiku. Zala zikakhala pamodzi m'sokosi zimafunditsana. Pa ntchito ya m'madzi pamafunika magolovesi a mphira, m'kati mwake muli a nsalu. Magolovesi amene anagwira ntchito yopopera mankhwala a mbewu asavalidwe pa ntchito ina iliyonse. Wogwira ntchito pa chigayo asavale chilichonse cholendewera m'manja, kuopa kuti lamba wa makina angachikoke pamodzi ndi dzanja.

PA NTHAWI YA NTCHITO

Ngati n'kotheka, ntchito za m'madzi monga kuthirira, kuchapa ndi kuponda dothi la njerwa zidikire kuti dzuwa liyambe kufunda, ndipo ntchito zouma zikhale zoyambirira. Chogwirira cha keni, cha ndowa kapena cha wilibala chikulungidwe ndi kansalu kapena mphira wa chubu chakale cha njinga, kuti dzanja lisagundane ndi chitsulo.

Wogwira ntchito m'madzi asunge kansalu kouma m'thumba kapena pamalo pamene mame sangakafike, ndipo azipukuta manja nthawi iliyonse akapumira. Magolovesi a nsalu akanyowa avulidwe, chifukwa onyowa amaziziritsa kuposa kukhala opanda kanthu.

Zala zikayamba kulimba, munthu aike pansi chida chakuthwa. Alowetse manja m'khwapa, m'kati mwa malaya, kwa mphindi zingapo, kapena azungulitse mikono mwamphamvu kuti magazi athamangire kunsonga za zala. Mphindi zochepa zimenezi sizingafanane ndi milungu imene munthu wodzitema amakhala osagwira khasu. Wakabaza akumbukire kuti liwiro la njinga limawonjezera mphepo, ndipo zala zolimba sizikoka mabuleki mwachangu. Kuima pang'ono kuti zala zifunde n'kuteteza moyo wake ndi wa munthu amene wamunyamula.

NGOZI YA MOTO

Munthu wozizidwa akaona moto amathamangira kukaika manja pafupi ndi lawi. Apa ndi pamene ambiri amapwetekera, chifukwa khungu ladzanzi limapsa mwini wake asanamve ululu. Madokotala a pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe anapeza kuti anthu opsa ndi moto kapena madzi otentha amachuluka m'miyezi yozizira, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana.

Njira yabwino ndiyo kufunditsa manja pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Manja ayambe afunda m'khwapa, kapena aviikidwe m'madzi ofunda chabe, osati otentha. Madziwo ayesedwe ndi chigongono kapena ndi munthu wina amene manja ake sanazizire. Manja asatikitidwe mwamphamvu. Magazi akamabwerera zala zimawawa ndi kubaya ngati singano, koma ululuwo umatha posachedwa. Dzanzi likachoka, munthu angathe kuotha moto atakhala chapatali.

Pali anthu amene ayenera kusamala koposa. Odwala khate ndi ena odwala shuga samva bwino kutentha m'manja ndi m'mapazi ngakhale kunja kukufunda, choncho asaothe moto chapafupi ndipo agwire miphika ndi nsalu yokhuthala. Wodwala khunyu asakhale yekha pamoto, ndipo asadumphitse kumwa mankhwala ake. Akagwa pafupi ndi moto achotsedwepo msangamsanga. Khunyu sapatsirana pogwira wodwala kapena malovu ake. Ana aang'ono asasiyidwe okha pamoto ngakhale kwa kanthawi. Mbaula yamakala isalowetsedwe m'chipinda chotseka, chifukwa makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo.

Dzanja likapsa lithiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20. Mphete ndi zibangili zivulidwe dzanja lisanatupe. Pachilonda pasapakidwe dzira, ufa, ndowe, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo matuza asaboolewe. Chilondacho chiphimbidwe ndi nsalu yoyera ndipo wopsayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti chilonda cha moto cha m'dzanja chikapola molakwika zala zimakhwinyata kapena kumatana, osatambasukanso.

MOWA NDI FODYA SIZIFUNDITSA

Ena amamwa kachasu kapena mowa wina poganiza kuti ukuwachotsa chisanu. Chimene mowa umachita ndi kutsegula mitsempha ya pakhungu, kotero kuti munthu amamva kufunda kwa kanthawi pamene kutentha kwa m'kati kukutayika. Woledzera akagona panja usiku wa mu Juni angathe kufa ndi kuzizira, kapena kugwera pamoto osadzuka. Fodya naye amafinya mitsempha ya m'zala, ndipo manja a wosuta amazizira msanga.

NTHAWI YOPITA KUCHIPATALA

Kuzizira wamba kwa manja kumatha munthu akafunda. Koma pali zizindikiro zimene zimafuna kuti munthu akaonane ndi achipatala, kaya pa Nsipe Health Centre, pa chipatala china chapafupi, kapena pa chipatala cha boma ku Ntcheu.

Choyamba ndi dzanzi losachoka ngakhale dzuwa litatentha, makamaka ngati pathupi pali mawanga otuwa osamva kukhudza. Mwina ndi khate kapena shuga. Khate limachizika, mankhwala ake ngaulere, ndipo wofika msanga salumala.

Chachiwiri ndi zala zimene zimayera kapena kuda modzidzimutsa pakazizira, kenako n'kuwawa kwambiri magazi akamabwerera. Vutoli analifotokoza dokotala wa ku France, Maurice Raynaud, mu 1862, ndipo limagwira amayi kawirikawiri kuposa abambo. Nthawi zina limakhala chizindikiro cha matenda ena ofunika kufufuzidwa.

Chachitatu ndi totupa toyabwa pa zala tosapola, ming'alu yotuluka mafinya, kapena bala lakuya lolowa dothi. Bala lotere lingathe kubweretsa kafumbata, ndipo achipatala adzaona ngati pakufunika katemera.

Chachinayi ndi mwana wamng'ono amene manja kapena mapazi ake amatupa ndi kuwawa, akulira kosatonthozeka. Izi zimachitika mwa ana obadwa ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell, amene kuzizira kumawadzutsa.

Chomaliza ndi choopsa koposa. Kutentha kwa m'kati mwa thupi kukatsika pa madigiri 35, munthu amanjenjemera kwambiri, amalankhula zosamveka, amadzandira ndi kuodzera. Izi zimagwera makamaka makanda, okalamba, odwala ndi oledzera. Munthu wotere avulidwe zovala zonyowa, afunditsidwe mabulangete kuyambira pachifuwa ndi kumutu, apatsidwe chakumwa chofunda chokhala ndi shuga ngati ali maso ndipo akutha kumeza, kenako atengeredwe kuchipatala mosachedwa. Khanda liikidwe pachifuwa pa mayi wake, khungu ndi khungu, onse awiri atafunda.

Banja limadya za m'manja mwa mlimi, ndipo dzanja likavulala mu Juni, dimba limauma mu Julayi. Kudya asanatuluke, kufunditsa chifuwa ndi mutu, kupukuta manja akanyowa ndi kuwafunditsa m'khwapa asanayandikire moto n'zinthu zimene aliyense angathe kuchita popanda kuwononga ndalama zambiri. Amene ali ndi funso lina afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, kapena anamwino pa tsiku la sikelo.