ACHINYAMATA NDI NTCHITO YOSAMALA NJIRA ZA M'PHIRI LA MULANJE

Phiri la Mulanje ndi chuma cha mtundu wonse. Nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo boma linateteza nkhalango yake kuyambira mu 1927. Alendo amakwera phirili podzera njira za miyendo, monga zija zochokera ku Likhubula kupita ku Chambe ndi ku Lichenya. Anyamata ambiri amapeza ndalama poperekeza alendowa ndi kuwanyamulira katundu. Njira zikafa, ntchito yawonso imafa.

Kodi njira imaonongeka bwanji?

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene tikuponda malo amodzimodzi, udzu umatha ndipo dothi limagwirana. Mvula ikagwa, madzi amalephera kulowa pansi, tsono amatsata njirayo ndi kuikumba mpaka isanduke chigwembe. Anthu poona chigwembe amalambalala, nayamba njira ina pambali pake, ndipo nayonso imakumbika. Moto wa tchire ndi kudula mitengo zimakulitsa vutoli pakuti nthaka imatsala pamtunda. Dothi lokokolokalo limathera m'mitsinje monga Likhubula, Thuchila ndi Ruo, imene timamwa ndi kuthirira mbewu.

Zimene achinyamata angachite

1. Kukumba tingalande todutsa njira mopingasa kuti madzi apatukire kutchire asanakhale ndi mphamvu.
2. Kuyala miyala ngati masitepe pamalo otsetsereka.
3. Kutseka njira zachidule ndi nthambi zouma kuti udzu umerenso.
4. Kulambula malire otchinga moto chilimwe chisanafike.
5. Kutola mapulasitiki ndi mabotolo otayidwa m'njira.

Ntchitoyi imafuna makasu, zikwanje ndi manja ambiri basi. Koma popeza phirili ndi nkhalango yotetezedwa, tisayambe tisanagwirizane ndi mafumu athu ndi akuluakulu a za nkhalango.

Kudzipereka si thangata

Ena mwa ife timakumbukira Sabata ya Achinyamata ya m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene ana asukulu ankakonza misewu ndi milatho mosafunsidwa maganizo awo. Ntchito yodzipereka ndi yosiyana ndi imeneyo. Achinyamata amakhala pansi okha, kusankha malo oti akonze, kusankha atsogoleri awo ndi kupangana tsiku. Palibe wokakamizidwa, ndipo palibe wolipidwa. Asungwana ali ndi mawu mofanana ndi anyamata. Umu ndi momwe munthu amaphunzirira kuti ufulu umayenda pamodzi ndi udindo.

Napolo wa ku Phalombe mu 1991 ndi namondwe Freddy mu 2023 anationetsa mphamvu ya madzi otsika m'phiri. Kangalande kamodzi sikangaletse ngozi zotere, koma kamateteza dothi limene likanapita ndi mvula ya chaka ndi chaka.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi njira iti kwathu kuno imene yasanduka chigwembe?
2. Ndani ayenera kuuzidwa tisanayambe kuikonza?
3. Ife makolo tingawathandize bwanji achinyamata popanda kuwalanda utsogoleri?