KODI MPHATSO IBWEZEDWA PAKABUKA MKANGANO?

Ambili a ife kumudzi tili ndi ana ogwila nchito m'nyumba za ku Kabulonga ndi Woodlands, ena anakwatiwa ku Kabwata. Kumeneko alandila mphatso monga wailesi, njinga kapena makina osokela. Koma tsiku la mkangano, wopatsa uja afuula kuti, "Bweza zanga zonse!" Kodi lamulo likuti bwanji?

Malamulo amene Zambia anatengela ku England anena kuti cinthu cikapelekedwa mwaufulu monga mphatso, ndipo cafika m'manja mwa wolandila, cakhala cake. Mkwiyo wa pambuyo pake sucibweza, ndipo wocilanda mwa mphamvu ndiye apalamula.

Komabe kubweleka si kupatsidwa. Cotengedwa mwa cinyengo kapena moopseza cibwelela kwa mwini wake. Mphatso yomangidwa pa lonjezo la cikwati, monga mphete ya citomelo, nayonso ingabwezedwe ngati wolandila ndiye waswa lonjezolo.

Malowolo atsata mwambo. Pakati pa Angoni a Mpezeni, cikwati cikatha, khoti ingalamule kuti mbali ya cuma ibwezedwe. Milandu yotele iweluzidwa m'makhoti aang'ono a mwambo okhazikitsidwa ndi lamulo la 1966, monga ya Boma ndi ya Chelstone mu Lusaka. Kumeneko munthu adzinenela yekha, popanda loya, ndipo mboni ndizo zim'pulumutsa.

Pa nyumba, mau a pakamwa sakwanila. Mu 1996 boma linagulitsa nyumba za kanselo kwa okhalamo, ndipo eni ena anazilonjeza kwa abale awo. Khoti iyamba yaona dzina lolembedwa pa cikalata ca umwini. 

Wopatsa akamwalila, abale ake alibe mphamvu yolanda zimene iye anapeleka ali moyo, pakuti sizili pa cuma ca masiye. Ngakhale pa cumaco, ngati womwalila sanasiye wilo, lamulo la 1989 lipatsa ana magawo 50 pa 100, wamasiye 20, makolo 20, ndi ena odalila womwalilayo 10.

Conco uzani ana anu kuti polandila cinthu ca mtengo aitane mboni ziwili, apemphe kakalata kosainidwa ndi wopatsa, ndipo asunge lisiti. Makolo anati kupatsa n'kuika. Anali kunena za cifundo cimene cibwelela kwa wopatsa pa tsiku la tsoka, osati za kulanda cimene unapeleka kale.