Tikamuonetsa chiyani mlendo wochokera kumudzi?

Kuwerenga: 2 Mafumu 20:12-19, Genesis 45:1-15

Mfumu Hezekiya itachira ku nthenda imene inatsala pang'ono kuitenga, kunafika nthumwi zochokera ku Babulo zitanyamula makalata ndi mphatso. Mfumuyo inakondwera, ndipo inawayendetsa alendowo m'nyumba zake zonse za chuma. Anaona siliva ndi golide, zonunkhira, mafuta a mtengo wapatali ndi zida za nkhondo. Alendo atachoka, mneneri Yesaya anabwera kudzafunsa kumene anthuwo anachokera ndi zimene anaonetsedwa, kenaka analosera kuti chuma chonsecho chidzatengedwa kunka ku Babulo komweko. Chotidabwitsa nchakuti munthu amene Mulungu anali atangomuwonjezera zaka 15 za moyo, wokhala ndi umboni waukulu chotere, anasankha kutsekula nkhokwe.

Okondedwa awerengi, m'mabanja athu ambiri muli mwana kapena mbale amene ali kunja: ku Johannesburg, ku Harare, ku Dublin kapena ku Leeds. Tsiku limafika lakuti wina wa kumudzi, atavutika ndi pasipoti ndi ndalama ya ulendo, akamuone. Mlendo ndi mame, masiku ake ndi owerengeka, ndiye wolandirayo ayenera kusankha zoti aonetse. Apa ndi pamene yesero la Hezekiya limalowera. Timafuna kuti mbale wathu akanene kumudzi kuti zikutiyendera. Amaonetsedwa masitolo akuluakulu ndi galimoto ya ngongole, nabwerera ndi zithunzi zimene zimautsa mitima ya achinyamata ndi kuwawitsa mitima ya akulu. Za ntchito ya usiku, za kusungulumwa, za kampingo kakang'ono kamene kanamugwira dzanja pa nthawi ya matenda, mlendo samva kanthu.

Ife utumiki unatifikitsa mumzinda wa Mombasa, m'mphepete mwa nyanja ya mchere m'dziko la Kenya. Mlongo wathu wamkulu, mayi wamasiye amene nyanja anaidziwira ku Senga Bay, anadzatichezera kwa masabata awiri. Zokongola za kuno tinawaonetsa ndithu, pakuti nazonso ndi ntchito za Mlengi: mchenga woyera ngati ufa, mitengo ya kokonati, pantoni ya ku Likoni imene imaolotsa khamu la anthu m'mawa ndi madzulo. Chimene chinawazunguza mutu ndi madzi amene amaphwa nkubweranso kawiri pa tsiku. Anati nyanja yotere ndi yosadalirika, ya kwathu ikakhala yakhala.

Tinapitanso ku linga lotchuka la Fort Jesus, limene Apwitikizi anayamba kumanga mu 1593 pofuna kuteteza doko ndi malonda awo. Aluya a ku Oman analilanda mu 1698 atalizinga pafupifupi zaka zitatu, ndipo pambuyo pake Angerezi analisandutsa ndende. Mlongo wathu anayang'ana mizinga imene ili ndandanda pa khoma, nati, "Achimwene, dzina la Ambuye pa nyumba ya mizinga?" Funso limenelo mabuku a mbiri ya mpingo amaliyankha m'masamba ambiri, koma sitikhulupirira kuti alipo amene analifunsa momveka kuposa pamenepo.

Tsiku limene tinaliikira mtima linali la ku Rabai, mudzi wa kumapiri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda. Kulibe mahotela, ndipo alendo ambiri odzaona nyanja sakudziwako. Mu 1844 bungwe la Church Missionary Society linafikitsa ku Mombasa mmishonale wa ku Germany, Johann Ludwig Krapf. M'chaka chomwecho anaika m'manda mkazi wake Rosine pamodzi ndi khanda lawo. Mu 1846 kunabwera mnzake, Johannes Rebmann, ndipo awiriwa anakhazikitsa mishoni ku Rabai. Rebmann amadziwika kwambiri chifukwa mu 1848 anaona chipale chofewa pamwamba pa phiri la Kilimanjaro, akatswiri ena ku Ulaya nkumuseka kuti maso anamunamiza. Anakhala m'dera limeneli zaka 29, otembenuka mtima ali owerengeka, ndipo anabwerera kwawo mu 1875 ali wakhungu.

Koma ife Amalawi tili ndi chifukwa china chokumbukirira munthu ameneyu. Cha m'ma 1853 Rebmann anakumana ndi kapolo wina dzina lake Salimini, amene ankagwira ntchito pamishonipo. Munthuyu anagwidwa zaka pafupifupi khumi m'mbuyomo m'dera la kumadzulo kwa nyanja yathu, m'chigawo chimene lero ndi chapakati. Masiku amenewo anthu a kwathu ankaolotsedwa panyanja, nayendetsedwa wapansi mpaka ku madoko monga Kilwa, kumene ankagulitsidwa ndi kumwazikira ku Zanzibar, ku Mombasa ndi kutsidya kwa nyanja. Rebmann anakhala pansi ndi Salimini, nayamba kulemba mawu a chilankhulo chake limodzilimodzi, ndi matanthauzo ake m'Chingerezi. Ntchito imeneyi inasindikizidwa mu 1877, Rebmann atamwalira kale, ndi dzina lakuti Dictionary of the Kiniassa Language. Kiniassa ameneyu ndi Chinyanja, Chichewa chathu chomwechi.

Taganizani za zaka zimenezi. David Livingstone anafika pa nyanja yathu mu 1859. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo ku Mvera ntchito inayamba mu 1889. Onsewa asanaponde dziko lathu, chilankhulo chimene timapempherera, chimene mukuwerenga pa tsamba lino, chinali chitayamba kale kulembedwa pa phiri la ku Kenya, kuchokera pakamwa pa munthu wogulidwa ngati mbuzi. Salimini analibe nkhokwe yoti atsekule. Analandidwa mudzi, abale ndi ufulu. Chimene amalonda a anthu analephera kumulanda ndi mawu a kwawo, a kumunda, a pabwalo, a chibale, ndipo atapezeka womufunsa anawatulutsa. Pachikuto cha bukulo pali maina a Rebmann ndi Krapf, la Salimini palibe. Ife tikuona kuti mpingo wa m'Malawi uli naye ngongole munthu ameneyu, ndipo ana a Sande sukulu amene amadziwa za Livingstone anayenera kudziwanso za iye.

Pa Rabai pomwepo panatumikira mwana wina wa kumbali ya kwathu, William Jones, Myao amene anagwidwa ali mwana, naomboledwa panyanja ndi sitima ya Angerezi, nakulira pa mishoni ku India. Anabwerera ku Africa mu 1864 ndipo anadzozedwa mu 1885. Akapolo ambiri othawa kwa ambuye awo anabisala pa Rabai, ndipo mu 1888 eni akewo atabwera kudzawafuna, Jones anakana kupereka nkhosa zake. Nkhaniyo inatha pamene kampani ya Angerezi imene inkalamulira deralo inalipira eni akapolowo, anthu mazanamazana nkulandira makalata a ufulu. Pobwerera tinadutsa ku Frere Town, mudzi wa akapolo omasulidwa umene unakhazikitsidwa mu 1875, pafupi ndi malo otchedwa Kengeleni pamene pankalira belu lochenjeza anthu pakabwera zoopsa. Sukulu ya ubusa imene inayambira kumeneko inasamukira ku Limuru mu 1930, ndipo lero ndi St Paul's University.

Mlongo wathu sanalankhule zambiri tsiku limenelo. Koma akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo madzulo tili pakhonde anatulutsa uthenga umene anatumidwa. "Achimwene," anatero, "kumudzi akuti munatchona. Salimini uja anamumanga goli. Inu anakumangani ndani?" Nkhani yake inali ya chiliza cha mayi athu, chimene abale akhala akuchiimika podikira kuti tonse tikhalepo.

Funso limeneli ndi la onse okhala kunja, ndipo Yosefe amatithandiza kuliyankha. Iye anapita ku Igupto ngati Salimini, wogulitsidwa. Abale ake atafika, poyamba ankalankhula nawo kudzera mwa womasulira. Koma nthawi itakwana anatulutsa Aigupto onse m'chipinda, nalira, nalankhula nawo yekha pakamwa ndi pakamwa. Musaiwale kuti nayenso anawauza abale akewo kuti akafotokozere atate awo za ulemerero wake wonse. Kuonetsa zabwino zimene tapeza kunja si tchimo ayi. Kusiyana kwa Yosefe ndi Hezekiya kuli apa: Yosefe anabwereza katatu kuti ndi Mulungu amene anamutumiza kumeneko, ndipo ulemererowo anautchula kuti nkhalamba ya ku Kanani ilimbe mtima, ikwere galeta, idzapulumuke ku njala pamodzi ndi zidzukulu zake. Hezekiya atamva za tsoka lodzagwera ana ake, anadzitonthoza kuti bola m'masiku ake mukhala mtendere.

Usiku womwewo tinatenga kalendala nkusankha mwezi woti tikafike kumudzi, ndipo tinaimbira foni amalume athu kuti auze abale.

Pa tsiku lonyamuka, chikwama cha mlongo wathu chinali ndi nsalu zingapo za kuno zimene amazitcha leso, ndi zokometsera ndiwo za ku msika wa Marikiti. Tisanapite ku bwalo la ndege anatipatsa kope lawo la mapemphero kuti tilembemo maina ndi zaka za ku Rabai, chifukwa amayi a mumpingo mwawo anali atawapempha kale kuti akafotokoze za ulendowu pa msonkhano wawo wa mkati mwa sabata. Anati tilembe zilembo zikuluzikulu poti maso ayamba kuvuta, ndipo dzina la Salimini likhale pamwamba, azungu aja pansi pake.